Dzanja la Amuna Anga M'manja mwa Adona

Ine sindikhulupirira munthu, ndipo adzukulu anga amadziwa zimenezi. Akabwera ndi mankhwala a kuchipatala ndimawakhuthulira pa mbale, ndiwayang'ane, ndiwanunkhize, kenako ndifunse kuti wakupatsa ndani, wamwamuna kapena wamkazi. Amaseka. Aseke. Iwo sanaimepo potero ndi tsache m'manja, mkazi wa mwini atagwira dzanja la mwamuna wawo, tsiku ndi tsiku, dzuwa likutuluka.

Malemu amuna anga anali dalaivala wa boma. Tinakwatirana kwathu konkuno ku Lilongwe, ntchito n'kutitengera ku Zomba. Titangozolowera kumeneko, likulu linasamuka. Maofesi sanasamuke tsiku limodzi ayi, ankabwera modukizadukiza kwa zaka, ndipo ya abwana athu inali m'gulu la omalizira. Tinabwera pa lole, mphasa ndi mapoto athu atazimangira pamwamba pa makabati a boma. Lilongwe amene tinamupeza sanali uja tinamusiya. Malo amene ndili mtsikana anali tchire la nsenjere tinapeza ali misewu yotakata yopanda anthu, fumbi lofiira, timitengo tongobzala kumene, ndi malo otchulidwa ndi manambala ngati akaidi. Abwana anapatsidwa nyumba ku Area 10. Popeza ankafuna dalaivala pafupi, ife anatipatsa kanyumba ka antchito kuseri, kokhala ndi mpopi wake ndi chimbudzi chamadzi, chinthu chimene sindinakhalepo nacho chibadwire.

Abwana anali a kumpoto, munthu wosayankhulayankhula, wa Baibulo ndi nyuzi basi. Akazi awo, amene tonse tinkawatchula kuti adona, anali namwino wamkulu ku chipatala chachikulu chatsopano. Mzimayi wamtali, wa khosi losalala, yunifomu yosita bwino, kawotchi kakulendewera pachifuwa. Sanandilakwirepo chilichonse, ndinene pasadakhale. Koma munthu amene sakulakwira ndiye woyenera kumuyang'anitsitsa, chifukwa sudziwa kumene adzadzere.

Loweruka lina masana amuna anga ankatsuka galimoto, ine ndikuyanika zovala. Ndinangomva akuti, "Mayi a mwana, ndikumva chizungulire." Potembenuka ndinawapeza atawerama pa ndowa, akusanza. Sanali masanzi. Anali magazi okhaokha, ena oundana ngati chiwindi cha mbuzi. Ndinakuwa. Adona anatuluka opanda nsapato, abwana n'kutenga makiyi okha. Amuna anga anawagoneka pampando wakumbuyo, mutu uli pamiyendo ya adona, ine n'kundikankhira kutsogolo pafupi ndi abwana. Ulendo wonsewo ndinakhala pampando wa ulemu khosi litapotokera kumbuyo. Mwamuna wanga akufa, inde, ndinkalira. Koma ndinkaonanso dzanja la mzimayi uja likusisita chipumi chake.

Kuchipatala anawapatsa magazi, n'kuwaika diripi ya mankhwala ena. Mankhwalawo atangolowa, nkhope yawo inatuwa ngati phulusa, anayamba kubuula kuti m'mimba mukupota, zala zili zii. Ndinagwira mkono wa adona.

"Akuwapha! Chotsani chimenechi!"

"Ayi mama, khalani pansi," anatero. "Mankhwalawa akufinya mitsempha ya m'matumbo kuti magazi opita kuchiwindi achepe. Akachepa, potuluka paja paleka. Kutuwaku ndiye kuti akugwira ntchito."

Magazi analekadi. M'mawa mwake kunabwera abale awo ochokera kumudzi. Mlamu wanga, mchemwali wawo wamkulu, anandikokera pakhonde la wodi. Kwathu timati mkazi akayenda ndi mwamuna wina n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo, mwamuna wake amadulika, amatupa kapena kulavula magazi. Mlamuyo sanazungulire.

"Alamu, mwamuna sasanza magazi popanda chifukwa. Mchere m'ndiwo amathira ndani pakhomo panu? Kutauni kuno kwachuluka amuna omanga nyumba."

Ndisanatsegule pakamwa, adona, amene ankadutsa ndi thireyi, anaima. Anati nthenda imeneyi si ya mchere wa munthu aliyense. Anati ndi likodzo la m'matumbo limene amuna anga analitenga ali mnyamata, akusambira m'madambo poweta ng'ombe, ndipo lakhala likuumitsa chiwindi chawo mwakachetechete zaka zonsezi. Ndinayenera kuthokoza, ndipo ndinathokozadi. Koma mumtima ndinati, kodi ine ndilibe pakamwa? Ndipo za unyamata wa mwamuna wanga, za madambo ndi ng'ombe, iyeyu wazimva liti?

Atatuluka m'chipatala anabwera ndi botolo la timapilisi toyera. Madzulo ake adona anatiitana pa kapinga kuti atifotokozere. Anatenga paipi yothirira maluwa, madzi akutuluka, n'kuiponda ndi chidendene. Paipi inafufuma, ndipo pamene panali pomanga ndi mphira panayamba kufwiphira timadzi.

"Magazi ochokera m'matumbo amadutsa mumtsempha waukulu kupita kuchiwindi," anatero. "Chiwindi chikauma chili ngati phazi langali. Magazi amasowa podzera, amabwerera, n'kukadzaza timitsempha ta kummero, mmene mumadutsa chakudya. Timeneto n'topyapyala, tikafufuma timaphulika. Phazi sitingalichotse. Koma tikhoza kuchepetsa mpopi." Anapita pampopi n'kupotokola pang'ono, timadzi tija n'kuleka. "Kapilisi aka ndiye dzanja la pampopi. Kamachititsa mtima kugunda modekha, magazi opita kuchiwindi asamabwere mwamphamvu. Osadumphitsa, ndipo osasiya mwadzidzidzi. Mutu ukawawa osagula asipirini kugolosale, amakanda m'mimba. Mama, inu muziyang'ana: akadzachita chimbudzi chakuda ngati phula, ndiye kuti magazi akutuluka m'kati. Mudzathamange."

Amuna anga ankagwedeza mutu ngati mwana wa sukulu ya Sande. Ine ndinkayang'ana chidendenecho. Chinalibe ndi mng'alu umodzi womwe.

Kenako inayamba nkhani ya dzanja. Dokotala anati kuchuluka kwa mankhwala kuziyendera mmene mtima ukugundira: ukathamanga ndiye kuti achepa, ukazilala kwambiri ndiye kuti achuluka. Adona anadzipereka kuti aziwaona okha asanapite kuntchito, kuti amuna anga asamavutike ndi mizere ya kuchipatala. M'mawa uliwonse ankabwera kuseri kwathu, akununkhira sopo wa m'mashopu a ku City Centre. Amuna anga ankakhala pa benchi, n'kutambasula mkono. Adona ankaika zala pamene dzanja limalumikizana ndi mkono, maso ali pa kawotchi kawo, onse awiri ali chete. Chete ameneyo ndiye ankandidya. Anthu akamayankhula umamva zimene akunena. Akakhala chete atagwirana, umva chiyani?

"Adalaivala, lero injini ili bwino," adona ankatero pomaliza.

"Ili pa giya yoyamba, adona. Phiri la ku Zomba sindingakwere."

Ankaseka onse awiri. Ine ndinkasesa pamalo amodzimodzi mpaka kukumba dzenje.

Ndinayamba kuona zinthu. Munthu amene ankadzuka n'kukhala ndi vesiti yong'ambika mpaka nthawi ya tiyi, tsopano ankavala malaya ndi kupesa tsitsi tambala atangolira kachiwiri. Anayamba kuwenga zikhadabo. Tsiku lina ndinawapeza akudzola mafuta pamkono umodzi wokha, wa kumanja.

"Winawo ndi wa eni ake?" ndinafunsa.

"Mayi a mwana, munthu wa ulemu wake angagwire mkono wotuwa?"

"Ine ndagwira wotuwawo zaka zonsezi, sindinafe."

Ndinayesa kuphunzira ndekha. Madzulo ndinkagwira mkonowo, kufufuza ndi chala. Kugunda ndinkakumva, koma wotchi ndinalibe, ndipo amuna anga ankati ndikufinya ngati ndikusankha mapeyala pamsika.

Chimene chinandipweteka koposa sichinali cha pa benchi. Mapilisi aja anawasintha munthu. Manja ndi mapazi zinkazizira ngati mwala wa pamtsinje, ngakhale m'mwezi wotentha. Akabwera kuntchito ankangokhala phee, atatopa. Ndipo za m'nyumba, za banja, zinatha. Ndikulemba izi ndili gogo, manyazi ndinawasiya kalekale. Munthu amene ku Zomba ndinkachita kumuthawa anasanduka mlongo wanga. Ankagona chondifulatira, osanena kanthu. Ine ndinali ndisanakalambe. Ndinkadzifunsa kuti mphamvu za munthu zingangosowa? Chinthu chikasowa pano ndiye kuti chili pena. Ndipo mapilisi amenewa ankabwera nawo ndani kuchokera kuchipatala botolo likatha? Adona, m'chikwama chawo.

"Kodi mphamvu zonse zimathera pa benchi paja?" ndinawafunsa tsiku lina tikudya.

Anasiya kudya, n'kusamba m'manja, n'kutuluka.

Ndinakwera basi kupita ku Tauni, kumsika, kwa mayi wina wa kwathu amene ankagulitsa nyemba. Sindinamuuze zonse, chifukwa nayenso sindinkamukhulupirira. Ndinangomufunsa ngati munthu wophunzira, wopemphera, angathe kudyetsa mwamuna wa mnzake mankhwala. Iye anaseka mpaka kugwira nthiti. "Amwali, ophunzirawo ndiye akatswiri, amaika m'botolo lolemba Chingerezi!" Ndinabwerera mutu utalemera kuposa mmene ndinapitira.

Ndiye kunagwa maliro kwawo kwa adona. Anapita kumpoto, n'kukhalako pafupifupi mwezi, atalumikiza ndi tchuthi. Pa benchi panalibenso wobwera. Pasanathe nthawi yaitali, amuna anga anayamba kusintha. Manja anafunda. Anayamba kuimba mluzu potsuka galimoto, kukwera masitepe a ku ofesi mothamanga, mwakuti anzawo ankawaseka. Ndipo anabwerera kwa ine. Sindinena zambiri. Ndinaphika nkhuku pakati pa sabata.

Ine ndinati basi, umboni ndi umenewu. Mapilisi ndi omwewo, botolo ndi lomwelo, m'mawa uliwonse ndinkawaona akuponya dzanja kukamwa ndi kumwera madzi. Chachoka n'chiyani? Chachoka ndi dzanja la mzimayi uja. Ndiye kuti chimene chinkawaziziritsa chinali m'zala zake. Ndinkayenda pabwalo la nyumba yaikulu ija ngati ndi yanga.

Adona atabwera, m'mawa mwake anatulukira kuseri monga kale. Anapeza benchi ili yokha. Amuna anga anali atatuluka kale, ati akukapopa matayala. Tsiku lotsatira ati akukathira mafuta. Lachitatu lake anabisala m'galaja mpaka adona atanyamuka. Wina akanasangalala. Ine ayi. Munthu sathawa munthu amene alibe naye kanthu. Ndinati awa ayambana, ndipo anthu amene amayambana chonchi ndi amene anagwirizanapo. Ndinaganiza zofufuza m'matumba.

M'mawa umenewo, atanyamuka ndi abwana kupita ku Capital Hill, ndinatenga jekete yawo yakale imene inkakhala pa msomali. M'thumba lam'kati ndinapeza bokosi la machesi. Ndinkayembekeza mphete, kapena kachithumwa. Nditatsegula ndinapeza timapilisi toyera, todzaza mpaka pakamwa. Munthu uja ankaponya kukamwa dzanja lopanda kanthu.

Ndinaima nalo bokosilo m'manja. Kenako ndinalowa m'chimbudzi kuti nditsuke monga mwa masiku onse. Madzi a m'thanki anali ochepa m'mawa umenewo, sanakokolole zonse. Zimene zinatsalira m'mbali zinali zakuda bii, zonyezimira, zonata ngati phula la pamsewu, fungo lake lachilendo. Chikanakhala chimbudzi chokumba cha kumudzi sindikanaona kanthu.

Ndinakhala pa benchi paja. Ndinkadziwa kuti ndikapita kukagogoda kunyumba yaikulu, mwamuna amene wabwerera kwa ine mwezi uno ndimubweza ndekha kumene anali, ku manja ozizira ndi kwa mwini kawotchi. Ndinkadziwanso ndowa ija. Sindinakhalitse. Ndinamva adona akutseka chitseko cha kukhitchini, nsapato zikulira pa simenti, ndipo ndinathamanga.

"Adona! Taimani."

Ndinawapatsa bokosi la machesi, n'kuwakokera kuchimbudzi. Mzimayi wa yunifomu yoyera anawerama n'kuyang'ana, osachita tsinya ngakhale pang'ono. Anangoti, "Yehova," n'kuthamangira ku foni.

Abwana anabwera nawo okha, amuna anga atakhala kumbuyo, nkhope ili gwaa.

"Ndili bwinobwino ine. Mwandichititsa manyazi pamaso pa anthu a mu ofesi. Mumafuna chiyani m'matumba mwanga?"

"Ndimafuna mkazi wanu wachiwiri," ndinatero. "Ndamupeza, ali m'bokosi la machesi."

Abwana anatsokomola n'kuyang'ana kumbali. Ulendo uno ndinalowa kumbuyo ndisanauzidwe, n'kutseka chitseko.

Tinafika nthawi yabwino. Mtsempha unali utayamba kudontha koma usanaphulike. Anasanza kamodzi ali kale pa bedi, diripi ili pamkono, ndipo sanataye magazi ambiri ngati poyamba. Dokotala anati mtima umene unazolowera kugwiridwa ukamasulidwa mwadzidzidzi umathamanga kuposa kale, ndipo magazi amakankha kwambiri pa timitsempha tija. Anati akanachedwa, mwina akanasanzira pa chiwongolero, abwana ali kumbuyo.

Masana ake adona anandipeza pakhonde la wodi ndikutsuka mbale. Anakhala pafupi nane pa simenti, yunifomu yoyera ija osaisamala.

"Mama, mwapulumutsa munthu lero."

Ndinapitiriza kutsuka.

"Ndalankhula ndi dokotala. Achepetsa pang'ono mankhwala, mwina zija za m'nyumba zisinthako. Sindikulonjeza. Kapilisi kameneka kamatero kwa abambo ena, si vuto lanu, si vuto lawo."

Ndinasiya mbale. "Za m'nyumba ziti?"

Anandiyang'ana modabwa. "Sanakuuzeni? Anandiuza ndisanapite kumaliro, kuti thupi silikudzuka ndipo akuopa kuti mudzawasiya. Ndinawauza kuti adikire ndibwere, tikaonane ndi dokotala, ndiponso kuti akuuzeni inuyo. Ndinkayesa mukudziwa."

Mukanandithira madzi otentha sindikanamva. Miyezi yonseyo ndinkasaka chibwenzi, ndipo chibwenzi panalibe. Panali china choposa. Nkhani ya kuchipinda kwanga, imene ngakhale ankhoswe sanaimve, mwamuna wanga anakaitula kwa mkazi wa mwini, pa benchi yanga, ine ndikusesa potero. Akanakhala kuti anangomugwira m'chiuno, ndikanadziwa chochita: ukalipa, uitana ankhoswe, mlandu utha. Koma izi ukadandaula kwa yani? Mzimayiyo anali atapulumutsa mwamuna wanga kawiri. Ndinati, "Zikomo adona," n'kupitiriza kutsuka mbale yoyera kale.

Ndinadikira mpaka atatuluka m'chipatala. M'mawa woyamba kunyumba ndinatenga botolo ndekha, n'kuika kapilisi pa lilime lawo ndi zala zanga, n'kuyang'anitsitsa pakhosi mpaka katadutsa.

"Yasamulani."

Anayasamula.

"Kwezani lilime."

"Mayi a mwana, ndine mwana ine?"

"Mwana sabisa mankhwala m'machesi. Tandiuzani, adona munawauza, ine osandiuza. Chifukwa?"

"Iwo aja ndi a chipatala."

"Ine ndine wa kuti?"

Anayang'ana pansi, akupotokola chipewa. Kenako anati, "Iwo aja akamva amayang'ana wotchi. Inu mukamva mumayang'ana ine."

Yankho limenelo sindinalilandire, ndipo mpaka pano sindinalilandire. Ndiyang'ane kuti, ngati si kwa mwamuna wanga? Ndinawauza kuti kuyambira tsiku limenelo mapilisi azikhala m'chitini changa, mwini kupereka ndi ine, ndipo chilichonse chonena kwa adona azinena ine ndili pomwepo.

Adona atabwera ndi kawotchi kawo anapeza ndakhala kale pa benchi, pakati penipeni, tsache ndaliimika kukhoma. Amuna anga anali kumanzere kwanga. Adona anaima pang'ono, n'kukhala kumanja. Kuti apeze dzanja lija anachita kudutsitsa mkono pamwamba pa miyendo yanga. Tinatero zaka zonse zimene tinakhala kuseri kwa nyumba ija.

Mankhwala atawachepetsa zinasinthako pang'ono, pang'ono zedi, ngati mvula ya chizimalupsa. Manja sanafundenso ngati mwezi uja. Koma ndowa ya magazi sindinaionenso pakhomo panga, ndipo amuna anga anakhala ndi moyo mpaka kuperekeza ana athu onse ku ukwati.